NKHOTAKOTA, MUDZI WA JUMBE: CIYAMBI CACE NDI ANTHU ACE

Pa Chanyanya, kufupi ndi tauni ya Kafue, pali dooko pamene asodzi amakoceza ngalawa zao, ndipo ogula nsomba amawadikira pamtunda ndi madengu. Munthu woyang'anitsitsa dooko lotere angathe kuzindikira m'mene midzi yambiri ya m'mphepete mwa madzi inayambira. Poyamba pafika munthu mmodzi ndi bwato lace, namanga msasa. Pambuyo pace pafika wogula, ndipo wogulayo atsatidwa ndi wogulitsa mcere ndi nsaru. Zisanapite zaka zambiri pakhala mudzi wa anthu a mitundu yosiyanasiyana, amene makolo ao sanadziwane konse.

Nkhani ino ndi ya dooko lina lotere, limene lili kutali kum'mawa, pa gombe la Nyanja ya Malawi. Dzina lace ndi Nkhotakota, ndipo pa masiku a Boma la Angerezi linalembedwa Kota Kota. Omvera ambiri a ku migodi ndi a m'matauni alidziwa dzinali, cifukwa ena anagwira nchito pamodzi ndi anthu a kumeneko, ndipo ena makolo ao anacokera komweko. Anthu amati ndi mudzi wa Aluya. Kodi Aluyawo anali ayani, ndipo anali angati? Nanga khamu la anthu limene linadzaza mudziwo linacokera kuti? Mayankho ace ali ndi zokondweretsa, alinso ndi zowawa, ndipo ziwiri zonsezi ziyenera kunenedwa.

Malo ace

Nyanja ya Malawi ndi yaitali, ndipo mphepo ya mwera ikauka, mafunde ace amaopsa ngakhale asodzi okhwima. Cifukwa cace malo obisalako zombo ndi a mtengo wapatali. Pa Nkhotakota pali mcenga wautali umene unalowa m'nyanja ngati mkono, nuchinga madzi a kumbuyo kwace kuti akhale odekha. Kumtunda kwace kuli madambo a nthaka yaconde, ndiponso mitsinje yotsika ku mapiri, monga Kaombe pafupi ndi Bua cakumpoto. Cakumwera kuli thamanda lalikulu la Chia, lodzala ndi nsomba.

Eni dziko anali Acewa, ndipo mfumu ya pamalopo inali Malenga, amene dzina lace likumvekabe m'ufumu wa Malengachanzi. Anthu ace anali alimi ndi asodzi. Analibe zombo zazikulu, koma mabwato osema okha, ndipo sanaganize kuti dooko lao lingakhale cipata ca dziko lonse la kumadzulo.

Kudza kwa mlendo

M'zaka za m'ma 1840 kunafika munthu wa malonda dzina lace Salim bin Abdullah, wocokera ku gombe la nyanja yamcere, ku dziko lolamulidwa ndi Sultani wa ku Zanzibar. Nthawi imeneyo Sultani Seyyid Said anali atasamutsa likulu lace kucokera ku Muscat, m'dziko la Oman, kudza ku Zanzibar. Minda ya pa cisumbuco inafuna anchito ambiri, ndipo amalonda a ku India, ku Ulaya ndi ku America anafuna minyanga ya njobvu. Njala iwiri imeneyi, ya anthu ndi ya minyanga, ndiyo inakankha amalonda kulowa m'kati mwa Africa.

Salim sanafike ndi nkhondo. Anafika monga mlendo, napempha malo kwa mfumu, napereka mphatso za nsaru ndi mikanda monga mwa mwambo. Mfumu inampatsa malo pafupi ndi madzi. Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mlendo uyu dzuwa linatuluka, iye ali pomwepo. Anamanga nyumba, nasonkhanitsa anyamata a mfuti, nazinga mudzi wace ndi mpanda wolimba. Mpaka lero mbali yakale ya tauniyo ichedwa Linga.

Iye anadzichula Jumbe, ndilo liu la Ciswahili lonena mfumu kapena nduna. Dzinali linakhala la udindo, ndipo anthu anai analowa m'menemo motsatana: Salim bin Abdullah, Mwinyi Nguzo, Tawakali Sudi amene anachedwanso Mwinyi Kisutu, ndipo wotsiriza Mwinyi Kheri. Iwo anakweza mbendera yofiira ya Sultani, nadziyesa oimirira ace pa nyanjapo, ngakhale kuti Zanzibar inali kutali ulendo wa miyezi, ndipo pa zocita zao za tsiku ndi tsiku panalibe wowalamula.

Apa pali cinthu coyenera kucimvetsa. Anthu a kumtunda anacha Mluya munthu aliyense wobvala mkanjo woyera ndi wopemphera moyang'ana ku Mecca. Koma Aluya enieni a ku Arabia anali owerengeka ndithu. Ambiri anali Aswahili, anthu a ku gombe amene makolo ao anali Aafirika osakanizana ndi Aluya, ndipo cinenero cao cinali Ciswahili. Ku madera ena a Zambia anthu omwewa anachedwa Alungwana.

Malonda a Jumbe

Mphamvu ya Jumbe inali m'zinthu ziwiri, mfuti ndi zombo. Anabwera ndi amisiri a ku gombe odziwa kukhoma zombo za matabwa zoyenda ndi matanga, zonga zija za pa nyanja yamcere. Combo cimodzi cinanyamula katundu amene mabwato ambiri sakadatha kumuolotsa. Cotero ulendo wocokera kumadzulo sunafunikenso kuzungulira nyanja. Unafika pa Nkhotakota, nuoloka kunka ku Losefa kutsidya la kum'mawa, ndipo kucokera kumeneko anthu anayenda pansi miyezi itatu kapena inai kufikira ku Kilwa.

Njira zodyetsa dookoli zinacokera m'dziko limene tsopano ndi Zambia. Zinadzera kwa Mwase ku Kasungu, kutsikira ku cigwa ca Luangwa, kupyola dziko la Abisa, kufikira kwa Kazembe ku Luapula ndi ku Katanga. Anchito a ku migodi angadabwe kumva kuti mkuwa unali kuyenda m'njira zimenezi Mzungu asanakumbe mgodi uliwonse. Amisiri a ku Katanga anali kuusungunula m'ng'anjo zao, ndipo amtengatenga anausenza pamutu kunka nao kum'mawa pamodzi ndi minyanga. Pobwerera anatenga nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga.

Koma katundu wina anali kuyenda ndi miyendo yace. Amuna anamangidwa m'magoli, ndiwo mitengo ya mphanda yokoleka m'khosi. Akazi ndi ana analumikizidwa ndi zingwe kapena unyolo. Pofika pa dooko anasungidwa m'mipanda kudikira mphepo yabwino, ndipo pambuyo pace anapanikizidwa m'zombo. Ambiri anafera pa njira ndi njala, nthenda ndi kutopa, osafika konse ku Kilwa. Colonel Rigby, kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, anauza David Livingstone kuti akapolo 19,000 ocokera ku dziko la nyanjayi anali kupyola pa nyumba ya msonkho ya ku Zanzibar caka ciriconse. Onsewo sanadzere pa Nkhotakota pokha, pakuti panali madooko enanso. Koma ili linali limodzi la akulu koposa. Ndipo ciwerengero cimeneco ndi ca ofika okha. Ogwa m'njira sanawerengedwe.

Sikuyenera kubisa kuti Jumbe sanagwire anthu onsewa ndi manja ace. Ambiri anagulitsidwa ndi anthu akuda anzao. Ukapolo unalipo kale pakati pa Acewa: munthu wolephera kulipa mlandu anapereka mphwace kapena mlongo wace, ndipo wogwidwa pa nkhondo anakhala wa womgwira. Koma kale kapolo wotere anakhala pamudzi, nakwatira, ndipo ana ace anasanduka a pabanja. Pamene kunafika wogula wa nsaru ndi mfuti, mtengo wa munthu unasintha. Milandu inacuruka, cifukwa mlandu unasanduka cuma. Mfumu yokana kugulitsa inakhala yopanda mfuti, ndipo mfumu yopanda mfuti inagwidwa ndi mnzace amene anali nazo. Umu ndi m'mene malondawa anaonongera midzi imene sinaonepo nkhope ya Mluya.

Anthu a m'mudzimo

Tsono anthu amene anadzaza Nkhotakota anacokera kuti? Angathe kugawidwa m'magulu anai.

Gulu loyamba linali la Jumbe mwini ndi anthu a ku gombe: abale ace, alembi odziwa malembo a Ciarabu, amisiri a zombo ndi aphunzitsi a cipembedzo. Awa ndiwo anali ndi ulamuliro, koma anali ocepa koposa onse.

Gulu laciwiri linali la anyamata a mfuti ndi akapitao a maulendo. Ambiri a iwo anali Ayao, amene anazolowera kale njira ya ku Kilwa, ndiponso Anyamwezi ndi Abisa. Ena a iwo anakula mphamvu, napatsidwa midzi yao yoiyang'anira.

Gulu lacitatu linali la akapolo osaolotsedwa. Jumbe ndi nduna zace anasunga ambiri kuti alime minda, apalase zombo ndi kutumikira m'nyumba. Akazi ambiri anakwatiwa ndi ambuye ao, nabala ana a mfulu.

Gulu lacinai, limene linaposa onse, linali la Acewa othawa nkhondo. Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo patapita zaka magulu ao anakhazikika ku mapiri, natsika caka ndi caka kudzafunkha midzi ya kucigwa. Acewa a mauta sanathe kulimbana nao. Koma Angoni anaopa linga lokhala ndi mfuti. Cotero mabanja anasiya midzi ya makolo ao, nadzamanga pafupi ndi Jumbe. Ici ndi cinthu cozizwitsa m'mbiri imeneyi: anthu anathawira kwa wogulitsa anthu kuti apulumuke. Anadziwa bwino cimene iye anali, koma nthungo ya Mngoni inali pakhomo lero, pamene goli linali la mawa, ndipo kapena la munthu wina. Jumbe nayenso anacenjera; kawirikawiri sanagulitse okhala pansi pace, koma anagula a kutali. Mwa njira imeneyi mlendo wopempha malo uja anasanduka mwini mphamvu, ndipo mafumu amene anamlandira anayamba kumuopa.

Magulu anaiwa sanakhale olekana nthawi yaitali. Amuna a ku gombe sanabwere ndi akazi ambiri, anakwatira Acewa. Ndipo mwa mwambo wa Acewa mwana ndi wa kwa amace, woyang'aniridwa ndi atsibweni ace. Mwana wotere analandira dzina ndi cipembedzo kwa atate wace, koma cinenero anaciyamwa kwa amace. Cifukwa cace Ciswahili cinakhala ca ku bwalo la Jumbe ndi ca ku malonda, koma Cinyanja cinakhala ca pa mtondo ndi pa dooko, ndipo pomariza ndico cinapambana. Ku mbali zina za Malawi Asilamu ambiri ndi Ayao. Koma pa Nkhotakota pali Acewa ambiri amene ali Asilamu kuyambira kwa makolo ao.

Livingstone pansi pa mkuyu

David Livingstone anaiona nyanjayi m'caka ca 1859, ndipo mu 1861 anayenda m'mphepete mwace ndi bwato. Mu 1863 anafika pa Nkhotakota wapansi, napeza combo catsopano cili kukhomedwa, naona kuti anthu acuruka cifukwa ca othawa Angoni. Mbiri ya pamalopo imati iye anakhala ndi Jumbe pansi pa mtengo wa mkuyu, namdandaulira kuti aleke malonda a anthu. Jumbe anamlandira mwaulemu, koma malonda sanaleke.

Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko la Zambia. Caka comweco Sultani Barghash, mokakamizidwa ndi Angerezi, anatseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Koma kutseka msika sikunatseke njira. Maulendo anapitirira mobisa, ndipo zombo za pa Nkhotakota zinaolotsabe anthu zaka zina zambiri.

Kutha kwa ufumu wa Jumbe

Mu 1889 kunafika Harry Johnston, wotumidwa ndi Boma la Angerezi kudzapangana mapangano ndi mafumu. Jumbe wa nthawiyo anali Tawakali Sudi, munthu wokalamba ndi wocenjera. Iye anaona kuti mphepo yatembenuka. Kutsidya kwa nyanja kunali mdani wace Makanjira, mfumu ya Ayao. Ku gombe la nyanja yamcere Ajeremani anali kulanda dziko. Ndipo pa nyanja pomwe panali sitima za Azungu, kuyambira pamene Ilala inafika mu 1875. Cotero anabvomera pangano, nalandira mbendera ya Angerezi ndi malipiro a caka ndi caka, nalonjeza kuleka malonda a akapolo. Mu 1891 dziko lonse linalowa pansi pa citetezo ca Angerezi.

Nduna zace zina sizinakondwe ndi panganolo, pakuti cuma cao cinali m'malonda omwewo. Mu 1893 nduna ina dzina lace Chiwaula inampandukira, ndipo linga lace linagwetsedwa ndi asilikali a Boma, amene ena a iwo anali Asikh ocokera ku India. Kuyambira pamenepo kunaoneka poyera kuti Jumbe sakuimanso ndi mfuti zace, koma ndi za Mzungu.

Tawakali Sudi anamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwace, Mwinyi Kheri, sanathe caka pa mpando. Boma linamuimba mlandu, nimcotsa, nimtumiza ku Zanzibar. Ufumu wa Jumbe unathera pomwepo, utakhala zaka ngati 50. Kumpoto, ku Karonga, Mlozi anasankha nkhondo m'malo mwa pangano, ndipo anapacikidwa mu December 1895.

Boma linamanga ofesi yace pa Nkhotakota, ndipo dera lonse linachedwa Marimba pa masiku oyambawo. Mu 1894 a mishoni ya U.M.C.A., ndiwo Aanglikani, anayamba nchito yao pamenepo. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa m'manda pa mishoni yomweyo. Pambuyo pace panamangidwa chalichi, sukulu, ndi cipatala ca St Anne's. Asilamu ambiri anaopa kutumiza ana ao ku sukulu za mishoni, poganiza kuti adzatembenuzidwa. Ndipo ici cinawabwezera m'mbuyo zaka zambiri pa nchito za ukalaliki ndi za Boma.

Zimene zinatsala

Jumbe anapita, koma anthu ace sanapite. Analibe kwina kopita. Mwana wa kapolo wocokera ku Luangwa sanadziwenso njira ya kwao, ndipo mdzukulu wa Mswahili sanaionepo Zanzibar. Onse anakhala a pa Nkhotakota, ndipo mudziwo unachuka pakati pa Azungu monga umodzi wa midzi yaikulu koposa imene Aafirika anamanga okha m'cigawo cino ca Africa.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Jumbe kanameta, kanacekanso. Anthu a ku gombe ndiwo anakulitsa ulimi wa mpunga m'madambo aja, ndipo mpunga wa faya ukumbukika pamodzi ndi iwo. Anabzala mango ndi ngole. Anasiya luso la kukhoma mabwato a matabwa, anasiya mizikiti, ndiponso mau ena a Ciswahili amene analowa m'kalankhulidwe ka anthu a kunyanja. M'zaka za m'ma 1920 mai wina wophunzira, Mtumwa binti Ali, anabwera kucokera ku Zanzibar ndi ciphunzitso ca Qadiriyya, nakhala mtsogoleri wa cipembedzo wolemekezedwa ndi amuna ndi akazi omwe.

Msonkho utayamba, njira zakale zija zinatembenuka. Kale anthu anatengedwa kucokera kumadzulo kunka kum'mawa. Tsopano anyamata a pa Nkhotakota anayenda okha kunka kumwera ndi kumadzulo, ku Salisbury, ku Johannesburg ndi ku migodi ya mkuwa. Ena anabwerera, pakuti madzi saiwala khwawa. Ena anakhala macona, ndipo adzukulu ao ali m'makomboni a Zambia ndi Zimbabwe. Ku Ndola anthu otere anapeza mbiri yofanana ndi ya kwao, pakuti kumenekonso kunali amalonda a Ciswahili, monga Chiwala, ndi malo ochedwa Mtengo wa Akapolo.

Mu 1960 Nkhotakota inalowanso m'mbiri. Cipani ca Malawi Congress cinacita msonkhano wace waukulu kumeneko, atsogoleri ace atangomasulidwa ku ndende, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa cipanico moyo wace wonse. Dziko linalandira ufulu mu 1964.

Nanga ciwerengero ca anthu? Pa masiku a Jumbe panalibe kalembera, ndipo alendo anangoyerekeza ndi maso. Koma makalembera a Boma la Malawi aonetsa kukula kwa tauniyo motere: mu 1987 munali anthu oposa 12,000, mu 1998 oposa 19,000, mu 2008 oposa 24,000, ndipo mu 2018 oposa 28,000. M'boma lonse la Nkhotakota, mu 2018, munali anthu oposa 390,000. Kukula kwa tauni sikuli kofulumira monga kwa mizinda ya mafakitale, cifukwa nchito zace zazikulu zikali usodzi, mpunga ndi cinangwa. Ndipo ambiri ofuna nchito ya malipiro amapita ku minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, imene inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kapena ku Lilongwe.

Ngakhale njobvu ziri ndi mbali yao m'nkhaniyi. M'nkhalango yosungidwa ya kumadzulo kwa tauniyo, opha nyama mobisa anazitha kufikira zinatsala zosakwana 100. M'zaka za 2016 ndi 2017 njobvu ngati 500 zinatengedwa pa magalimoto kucokera ku Liwonde ndi ku Majete, nizitulutsidwa m'nkhalangomo. Dziko limene linatumiza minyanga kunja zaka zambiri linalandira njobvu zamoyo.

Mau otsiriza

Mudzi wa Aluya uja, poupenyetsetsa, upezeka kuti Aluya anali ocepa m'menemo. Unali mudzi wa wogula ndi wogulidwa, wa wothawa ndi womchinjiriza, ndipo adzukulu a onsewa lero agulitsana nsomba pa msika umodzi, nakwatirana, naikana maliro. Sikuti zoipa zija zinaiwalika. Mkuyu wa Livingstone ndi dzina la Linga ziri mboni. Koma munthu sangathe kuloza mnzace pamseu ndi kunena kuti uyu ndi wa goli, uyo ndi wa mfuti, pakuti mwazi wa onse awiri uli mwa munthu mmodzi.

Okhala m'makomboni a ku migodi, ndi asodzi a pa Chanyanya amene anacokera ku mbali zambiri, akukhala m'midzi yoyamba mwa njira yomweyo, ya anthu osonkhanitsidwa ndi malonda. Ana ao adzafunsa tsiku lina kuti agogo anacokera kuti, ndipo anadza bwanji. Amene akali ndi nkhalamba pakhomo acita bwino kuifunsa madzulo ano, isanapite ndi yankho lace.